Tisatume ophunzira ku Wikipedia chimanjamanja

M'chaka cha 2011 bungwe la Wikimedia Foundation, lomwe limayang'anira Wikipedia, linayambitsa ntchito yoyesera mumzinda wa Pune ku India. Cholinga chake chinali chabwino ndithu. Ophunzira pafupifupi 1,000 a m'makoleji atatu anauzidwa kuti azilemba nkhani pa Wikipedia ya Chingerezi ngati gawo la maphunziro awo, aphunzitsi n'kumawapatsa malikisi. Ku America njira yomweyi inali itayamba mu 2010 ndipo inkaoneka kuti ikuyenda. Koma ku Pune zinthu zinasokonekera pasanathe miyezi ingapo. Akonzi ongodzipereka, omwe amalondera Wikipedia usana ndi usiku popanda malipiro, anayamba kupeza ndime zathunthu zokoperedwa liwu ndi liwu kuchokera m'mabuku a sukulu ndi pamasamba ena a intaneti. Ankati akafufuta apa, zina zatulukira apo. Pofika mwezi wa November chaka chomwecho ophunzirawo anauzidwa kuti aleke kulemba, ndipo ntchito yosesa zomwe anasiya inagwera anthu omwe sanafunsidwe n'komwe pamene ntchitoyi inkakonzedwa.

Nkhaniyi ikamakambidwa, chala chimathamangira kuloza ophunzira kuti anali aulesi, akuba, ongofuna malikisi. Ine ndikuona kuti chalacho chikuloza polakwika. Zaka zitatu m'mbuyo mwake, mu 2008, mphunzitsi wa pa University of British Columbia ku Canada, Jon Beasley-Murray, anapatsa ntchito yofanana ndi yomweyi kalasi yake yophunzira zolembalemba za ku Latin America. Ophunzira ake anali ongopitirira 30 pang'ono. Iye mwini ankalemba nawo pa Wikipedia, ndipo akonzi ena akale anadzipereka kuyenda ndi kalasiyo mpaka kumapeto. Nkhani zitatu, kuphatikizapo ya buku la El Señor Presidente ndi ya mlembi Mario Vargas Llosa, zinafika pa mlingo wapamwamba kwambiri womwe Wikipedia imapereka, mlingo womwe nkhani pafupifupi imodzi yokha pa 1,000 zilizonse imaufika. Ophunzira a ku Vancouver sanabadwe oona mtima kuposa a ku Pune. Anali ochepa moti mphunzitsi ankatha kuwerenga zomwe aliyense walemba, ankalemba m'chiyankhulo chomwe amachidziwa bwino, ndipo anali ndi wowatsogolera wodziwa njira. Bungwe la Wikimedia nalo linatolapo phunziro: litapita ku Cairo mu 2012 linayamba ndi makalasi ochepa, ndipo ophunzira ankalemba m'Chiarabu, chiyankhulo chawo.

Za ku Pune ndi ku Vancouver zikutikhudza kuno chifukwa munthu wokhala ndi foni ya intaneti akafufuza za boma lakwawo, za mtsogoleri wina kapena za matenda omwe dokotala wamuuza, zomwe amayamba kukumana nazo kawirikawiri zimachokera ku Wikipedia. Insaikulopediyayi, yomwe Jimmy Wales ndi Larry Sanger anaiyambitsa pa 15 January 2001, lero ili m'ziyankhulo zoposa 300, ndipo ya Chingerezi yokha ili ndi nkhani zoposa 7 miliyoni. Ya Chichewa iliko, koma nkhani zake zangodutsa 1,000 pang'ono, zambiri mwa izo zazifupi kwambiri. Woona mpata umenewu amaganiza msanga za ophunzira a ku Zomba, ku Mzuzu, ku Bunda, ku Blantyre ndi ku Thyolo, omwe chaka ndi chaka amalemba ntchito zowerengedwa ndi munthu mmodzi kenako n'kukathera m'kabati. Bwanji osawatuma kuti alembe zoti dziko lonse liwerenge? Ganizoli ndikulivomereza ndi mtima wonse. Koma zolakwa zomwe ophunzira amachita kumeneko, kulemba zopanda umboni, kulemba zosakhudza mutu ndi kukopera zolemba za ena, ngakhale zimaoneka zosiyana, muzu wake ndi umodzi: wophunzira wayamba kulemba asanawerenge n'kumvetsa, chifukwa wauzidwa kuti chofunika ndi mawu ochuluka mwakuti pofika tsiku lakuti. Muzu umenewo amaubzala ndi mphunzitsi, ndipo wozula ndi iye yemweyo.

Lamulo lalikulu la Wikipedia n'lakuti mfundo iliyonse yomwe munthu angaitsutse ikhale ndi gwero lofalitsidwa ndi lodalirika, loti wowerenga wina akhoza kukalipeza n'kudzionera yekha. Wophunzira watsopano lamuloli amalimva mwatheka. Amaganiza kuti bola kumapeto kwa ndime kukhale kanambala kolozera kwinakwake. Motero amayamba walemba zomwe akudziwa kale, kapena zomwe akuganiza kuti akudziwa, kenako n'kumasakasaka tsamba lililonse la pa intaneti loti amatepo. Ntchito yolongosoka imayambira ku laibulale: kupeza magwero, kuwerenga, kenako kulemba zokhazo zomwe magwerowo akunena. Ndipo sikuti chilichonse chosindikizidwa n'cholemera mofanana. Pabwalo la mfumu mboni imafunsidwa kuti inali pati, inaona ndi maso kapena inangomva, ndipo ili paubale wanji ndi eni mlandu. Gwero nalo lifunsidwe mafunso omwewo, ndipo kuphunzitsa wophunzira kufunsa mafunsowa n'kwa phindu kuposa nkhani iliyonse yomwe angalembe.

Tiyerekeze wophunzira yemwe wapatsidwa kuti akonze nkhani ya kuukira kwa John Chilembwe kwa pa 23 January 1915. Patsogolo pake pali lipoti la komishoni yomwe boma la atsamunda linakhazikitsa, losindikizidwa mu 1916. Pali zomwe George Mwase analemba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, zomwe Robert Rotberg anazisindikiza mu 1967. Pali buku la George Shepperson ndi Thomas Price la 1958, Independent African, ndi la John McCracken la 2012 la mbiri ya Malawi kuyambira 1859 mpaka 1966. Palinso zolemba zambirimbiri zomwe zimazungulira pa Facebook ndi pa WhatsApp chaka chilichonse tsiku la Chilembwe likamayandikira. Lipoti la 1916 ndi umboni wamtengo wapatali, koma olilemba anali mbali imodzi ya mlandu. Mwase sanali nawo pa kuukirako, analemba zomwe anamva kwa ena patapita zaka. Wophunzira akatenga chimodzi mwa ziwirizi n'kumachinena ngati choonadi chosatsutsika, walakwa ngakhale kanambala kake kali pamalo pake. Wikipedia imafuna kuti msana wa nkhani ukhale zolemba za akatswiri omwe anaunika maumboni onsewo n'kuwayeza, monga Shepperson, Price ndi McCracken, ndipo mawu a komishoni kapena a Mwase azitchulidwa eni ake. Za pa WhatsApp zilibe malo, ngakhale zitakhala zoona, chifukwa palibe angatsatire kuti zinachokera kuti. Kusiyanitsa kotereku wophunzira wa chaka choyamba sabadwa nako. Wina ayenera kukhala naye pansi, mabuku ali pathebulo.

Wina anganene kuti kukhwimitsa zinthu chotere n'kuchulutsa gaga m'diwa, popeza Wikipedia imadzikonza yokha ndipo cholakwa chikalowa wina adzachichotsa. Zoona, nthawi zambiri chimachotsedwa. Koma chomwe chimachitika chisanachotsedwe n'choopsa. Mu March 2009, wopeka nyimbo wa ku France Maurice Jarre atangomwalira, wophunzira wina wa ku University College Dublin anapeka mawu n'kuwaika pa tsamba la malemuyo ngati kuti anawayankhula ndi iye. Akonzi a Wikipedia anawachotsa chifukwa analibe gwero, iye n'kuwabwezeretsa, ndipo pa kanthawi komweko atolankhani anawatola. Anatuluka m'nyuzipepala zikuluzikulu kuphatikizapo The Guardian. Bodza likalowa m'nyuzipepala, mawa wina amatenga nyuzipepalayo ngati gwero, ndipo bodzalo limabwerera ku Wikipedia litavala umboni. Pa nkhani za anthu amoyo ngoziyi imakula. Mu 2005 munthu wina analemba kuti mtolankhani wa ku America John Seigenthaler ankaganiziridwa kuti anakhudzidwa ndi kuphedwa kwa John ndi Robert Kennedy, ndipo bodzali linakhala pamenepo miyezi inayi. Ngati zimenezi zinachitika pa Wikipedia ya Chingerezi yomwe ili ndi alonda zikwizikwi, nanga pa tsamba la mfumu ya ku Ntchisi kapena la phungu wa ku Nsanje, lomwe mwina palibe mkonzi ngakhale mmodzi amene amaliyang'anira? Cholakwa cha pa nkhani za kwathu chikhoza kukhala zaka. Pa nkhani za umoyo lamulo n'lokhwima koposa, ndipo m'pake: kafukufuku mmodzi kapena nkhani ya m'nyuzipepala sizikwana, pamafunika zolemba zounika kafukufuku wambiri pamodzi kapena malangizo a mabungwe ngati World Health Organization.

Vuto lolemba zosakhudza mutu limabwera m'njira yomvetsa chisoni, chifukwa kawirikawiri amalichita ndi wophunzira wakhama. Kusukulu anaphunzitsidwa kuti chimangirizo chabwino chimakhala ndi chiyambi chokopa, mfundo zoikira kumbuyo maganizo ake ndi mathero opereka malangizo. Insaikulopediya sifuna chilichonse mwa zimenezi. Sifuna maganizo a wolemba, sifuna malangizo kwa boma, ndipo imakana ngakhale mfundo yatsopano yomwe wolemba waipeza polumikiza magwero awiri ngati palibe gwero lomwe linailumikiza kale. Wophunzira wopatsidwa nkhani ya chambo amatha kudzaza ndime zinayi ndi za kusintha kwa nyengo padziko lonse, chifukwa n'zomwe anaphunzira teremu imeneyo, pamene wowerenga amafuna kudziwa kuti nsombayi ili m'mitundu ingati, imaswana bwanji ndipo yachepa chifukwa chiyani. Pa nkhani ya boma la Dedza, zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zomwe UNESCO inaziika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2006, ziyenera malo aakulu. Mayina a magolosale a pa boma sayenera malo alionse. Kudziwa chomwe chili chachikulu ndi chomwe chili chaching'ono pa mutu kumabwera munthu akawerenga magwero angapo n'kuona zomwe onse akuzibwereza. Wowerenga buku limodzi amayesa kuti zonse za m'bukumo n'zofunika mofanana.

Palinso funso loti mutuwo ukuyenera kukhala ndi tsamba lake kapena ayi. Wikipedia ya Chingerezi imafuna kuti munthu kapena chinthu chikhale chitalembedwa mozama ndi magwero angapo osakhala paubale nacho. Lamuloli limaluma ngakhale akuluakulu. Mu 2007 Jimmy Wales mwini wake analemba chiganizo chimodzi chokhudza Mzoli's, malo ootchera nyama omwe anali otchuka ku Gugulethu mumzinda wa Cape Town, ndipo tsambalo linafufutidwa patangopita mphindi 22, ngakhale pambuyo pake linabwezeretsedwa. Mu 2018 tsamba la katswiri wa sayansi wa ku Canada Donna Strickland linakanidwa kuti magwero ake ngosakwana, patangotsala miyezi yochepa kuti alandire mphotho ya Nobel. Mphunzitsi wolola wophunzira kusankha mutu popanda kuona kaye ngati magwero alipo akumutumiza kokakhumudwa. Ndipo wophunzira akasiyidwa yekha amasankha zapafupi ndi mtima wake: mpingo wake, sukulu yake, malume ake omwe ndi khansala. Pamenepo kulemba mosakondera kumavuta, ndipo akonzi amanunkhiza msanga kuti uku n'kutsatsa malonda.

Tsopano pa kukopera, pomwe panagwetsa ntchito ya ku Pune. Ndikuona kuti tisamanamizane ngati kuti khalidweli limangogwa kuchokera kumwamba mwana akafika ku yunivesite. M'makalasi momwe mabuku ndi ochepa, mphunzitsi amalemba manotsi pa bolodi, ana n'kukopera, kuloweza, kenako kuwabweza pa mayeso. Wobweza liwu ndi liwu ndiye amayamikiridwa kuti ndi wanzeru. Zaka 8 za pulayimale ndi 4 za sekondale zikatha chonchi, mwana amafika ku koleji akudziwa kuti kulemekeza buku ndiko kulibwereza mosasintha. Onjezanipo kuti akulemba m'Chingerezi, chiyankhulo chomwe sachiyankhula kunyumba, ndiye akaona chiganizo cha katswiri chosalala bwino amaopa kuchigwira kuti angachiwononge. Kungomuopseza kuti kuba zolemba ndi mlandu sikuchotsa mantha amenewa. Chomwe akusowa ndi luso lomwe sanaphunzitsidwepo: kuwerenga ndime mpaka kuimvetsa, kutseka buku, kulemba mfundo zake mwachidule pa pepala, kuchita chimodzimodzi ndi buku lachiwiri ndi lachitatu, kenako kulemba kuchokera pa pepalalo, n'kubwerera ku mabuku aja kukaona ngati sanapotoze mfundo kapena kubwereka ziganizo mosadziwa. Luso limeneli limaphunzitsidwa m'kalasi, ndi ndime yeniyeni, mobwerezabwereza.

Wophunzira ayeneranso kumva chifukwa chake Wikipedia imakwiya kwambiri ndi kukopera kuposa mmene mphunzitsi wake angakwiyire. Chilichonse cholembedwa pamenepo chimaperekedwa pa chilolezo cha Creative Commons, chomwe chimalola munthu aliyense padziko kuchitenga, kuchisintha ngakhale kuchigulitsa, bola atchule komwe wachitenga ndipo naye alole ena kuchita chimodzimodzi. Woika ndime ya m'buku la wina pa Wikipedia wagawira dziko lonse katundu yemwe si wake. Kuno kwathu lamulo la umwini wa zolembalemba ndi zaluso la 2016, lomwe anthu amalidziwira kwambiri ku bungwe la COSOMA ndi nkhani za oimba, limatetezanso mabuku, mpaka zaka 50 mwini atamwalira. Apa pali zinthu ziwiri zomwe ophunzira amazisokoneza. Kutchula gwero sikupereka ufulu wokopera ndime yonse, ndipo buku lakale lomwe umwini wake unatha likhoza kukoperedwa koma mwini wake atchulidwebe. Kusintha mawu awiri kapena atatu m'chiganizo, mafupa ake onse ali momwemo, ndi kukopera ndithu. Chomwe chilibe mwini ndi mfundo: kuti kalembera wa 2018 anapeza anthu 17,563,749 m'Malawi aliyense akhoza kunena m'mawu ake, n'kuloza ku lipoti la National Statistical Office. Mawu enieni a munthu akafunika, akhale ochepa, akhale m'mitengero, ndipo mwini wake atchulidwe. Kwa ife olemba Chichewa pali msampha wina woonjezera. Kumasulira ndime ya buku la Chingerezi n'kuiika pa Wikipedia ya Chichewa ndi kukopera komwe, ngakhale mapulogalamu ogwira akuba, monga omwe akonzi a Chingerezi amagwiritsa ntchito, sangakugwire msanga. Kumasulira kuchokera ku Wikipedia ya chiyankhulo china ndiko kololedwa, bola womasulira alembe kuti watenga ku tsamba liti.

Chitsutso cholemera kwambiri pa zonsezi ndi cha omwe amati malamulo ofuna magwero olembedwa anapangidwira maiko omwe analemba mbiri yawo kalekale, ndipo amatsekera kunja nzeru za Afrika zomwe zili pakamwa pa agogo. Dandauloli n'lomveka, ndipo silinayambe lero. Mu 2011 Achal Prabhala wa ku India anatsogolera ntchito yojambula mawu a anthu a ku India ndi ku South Africa, pofuna kuonetsa kuti umboni wapakamwa ukhoza kulozeredwa ngati mmene buku limalozeredwera, koma Wikipedia ya Chingerezi sinasinthe lamulo lake. N'zopweteka kuti mzungu wongodutsa yemwe analemba tsamba limodzi za mudzi wina amawerengedwa gwero, pamene nkhalamba yobadwira m'mudzimo siwerengedwa. Komabe yankho lake silingakhale lakuti wophunzira azilemba zomwe agogo ake anamuuza pa tsamba lomwe aliyense akhoza kulemba mosadziwika dzina. Wowerenga alibe njira yosiyanitsira zomwe ananenadi agogo ndi zomwe wapeka mdzukulu, ndipo pa nkhani ngati za ufumu, momwe banja lililonse lili ndi mbiri yake, tsambalo lingasanduke bwalo la nkhondo. Njira ilipo ndipo ena anaiyenda kale. Samuel Josiah Ntara anafunsa akuluakulu n'kulemba Mbiri ya Achewa. Matthew Schoffeleers anasonkhanitsa zomwe anthu a kuchigwa cha Shire ankanena za Mbona n'kuzisindikiza. Society of Malawi Journal, yomwe inayamba mu 1948 ndi dzina loti Nyasaland Journal, mabuku a Kachere ku Zomba ndi nyuzipepala zathu ndi makomo omwe nzeru zapakamwa zimalowera m'zolembedwa, zitaunikidwa ndi mkonzi wodziwika. Wophunzira yemwe wajambula mawu a agogo wachita ntchito yaikulu, mwina yoposa kulemba pa Wikipedia, koma aipititse ku makomo amenewa kaye. Ngati mayunivesite athu akufunadi kuti za Malawi zichuluke pa intaneti, ayambe kuika poyera kafukufuku yemwe akungodyedwa ndi chiswe m'malaibulale mwawo.

Ena amati pa Wikipedia yaing'ono ngati ya Chichewa, nkhani iliyonse ndi yabwino kuposa kusowa nkhani. Zomwe zinachitikira chiyankhulo cha Scots zimatsutsa zimenezi. Mu August 2020 zinadziwika kuti nkhani zoposa 20,000 za pa Wikipedia ya chiyankhulochi zinalembedwa ndi mnyamata mmodzi wa ku America yemwe sankachidziwa. Ankatenga ziganizo za Chingerezi n'kumasintha mawu ndi kalembedwe kake kuti zioneke ngati Scots. Sanali ndi cholinga choipa, ankayesa kuti akuthandiza, ndipo kwa zaka zambiri panalibe womuwongolera. Anthu omwe ankanyoza kale kuti Scots ndi Chingerezi chopotoka anapeza umboni wawo pamenepo. Chichewa chili pangozi yofananayo, makamaka lero pamene wophunzira akhoza kuponya nkhani yonse m'makina omasulira n'kumata zotulukazo osaziwerenga. Makina omwewo amaphunzira chiyankhulo kuchokera ku zolemba za pa intaneti, ndipo kwa chiyankhulo chokhala ndi zolemba zochepa Wikipedia imakhala gawo lalikulu la chakudya chawo. Chichewa chopindika choikidwa lero chimabwerera mawa kwa ana athu ngati Chichewa chovomerezeka. Nkhani 50 zolembedwa ndi anthu omva chiyankhulo, zounikidwa ndi mphunzitsi wa Chichewa, zimachichitira chiyankhulochi zabwino kuposa nkhani 5,000 zotuluka m'makina.

Kubwera kwa ChatGPT kumapeto kwa 2022 ndi mapulogalamu ena onga iyo kwangokulitsa vuto lakale lija lolemba usanawerenge. Mapulogalamuwa amatulutsa ndime yosalala pamodzi ndi magwero ake, koma gwero likhoza kukhala buku lomwe kulibe, kapena buku lenileni lomwe silinena zomwe zalembedwazo. Chachiwirichi ndicho chovuta kugwira, chifukwa mkonzi ayenera kukalipeza bukulo n'kuliwerenga. Mu August 2025 akonzi a Wikipedia ya Chingerezi anagwirizana zoti tsamba looneka poyera kuti latuluka m'makina popanda munthu kuliunika lizifufutidwa msanga popanda kudikira zokambirana. Mphunzitsi safunika pulogalamu yodula kuti athane nazo. Angomuuza wophunzira kuti abwere ndi bukulo, atsegule tsamba lomwe walitchula, aloze ndi chala pomwe pali mfundoyo, ndipo aifotokoze pakamwa. Wowerenga amayankha mosavuta.

Apa ndiye pamene pagona nkhani ya malikisi, chifukwa wophunzira amachita chomwe chikulipidwa. Ku University of Toronto Scarborough, kalasi ya ophunzira pafupifupi 1,900 inalimbikitsidwa kuwonjezera zinthu pa nkhani za Wikipedia kuti ipeze malikisi, ndipo pofika 2013 mkangano ndi akonzi unafika m'nyuzipepala chifukwa cha kuchuluka kwa zokopera ndi zolakwika zomwe anthu ongodzipereka ankayenera kusesa. Palibe mphunzitsi angawerenge zolemba za anthu 1,900, ndipo kusiyira ntchitoyo anthu osalipidwa ndi kuwasenzetsa katundu wa eni. Malikisi akamaperekedwa pa kuchuluka kwa mawu, wophunzira amadzaza tsamba ndi chilichonse. Akamaperekedwa pa kungoti nkhani yaoneka pa Wikipedia pofika Lachisanu, wophunzira amalimbana ndi mkonzi aliyense wofuna kuichotsa. Malikisi ambiri apite ku ntchito yomwe imachitika nkhani isanatuluke: magwero omwe wophunzira wapeza ndi zifukwa zomwe akuwakhulupirira, manotsi ake okhala ndi manambala a masamba, ndi zolemba zake zoyamba pa tsamba loyeserera lomwe Wikipedia imapatsa aliyense wolembetsa. Ena apite ku mmene wayankhira akonzi pa tsamba la zokambirana, popeza kudzudzulidwa ndi mlendo n'kuyankha mwaulemu ndi umboni ndi maphunziro paokha. Ndipo woyamba kumene asayambe ndi nkhani yatsopano. Apatsidwe nkhani yomwe ilipo kale, apeze chiganizo chimodzi chopanda umboni, akachifufuzire gwero. Wochita zimenezi kasanu amamvetsa Wikipedia kuposa wolemba mawu 2,000 usiku umodzi.

Aphunzitsi ena, ndikudziwa, safuna n'kumva komwe dzina la Wikipedia, ndipo amauza ophunzira kuti asaiyandikire. Pa mfundo yoti isatchulidwe ngati gwero m'ntchito ya ku yunivesite akunena zoona, ndipo Wikipedia yomwe imavomereza zimenezo, moti silola kuti tsamba lake limodzi likhale umboni wa tsamba linzake. Koma kuletsa sikunaletse aliyense kuiwerenga. Wophunzira yemwe waona ndi maso ake mmene chiganizo chimalowera pa tsamba, mmene chimatsutsidwira ndi mmene chimachotsedwera, sadzawerenganso chilichonse cha pa intaneti mwachimbulimbuli, ndipo dziko lomwe mphekesera za pa foni zimayenda msanga kuposa nyuzipepala likusowa anthu otero. Kwa akuluakulu a mayunivesite ndi makoleji athu, ndi kwa mabungwe omwe amakonza misonkhano yophunzitsa achinyamata kulemba pa Wikipedia, pempho langa ndi ili: musayese ntchitoyi ndi chiwerengero cha nkhani kapena cha anthu omwe abwera. Mphunzitsi atsegule akaunti yake teremu isanayambe, akonze yekha nkhani zingapo, alawe kufufutidwa ndi kufunsidwa umboni. Atenge ophunzira okhawo omwe angathe kuwerenga zolemba zawo chiganizo ndi chiganizo, agwirizane ndi woyang'anira laibulale, ndipo adziwitse akonzi a pa Wikipedia kuti kalasi ikubwera. Yemwe alibe nthawi yochita zimenezi awapatse ophunzira ake ntchito ina.